Msonkhano wa Aphunzitsi a Mpira: Momwe Matimu Ang'onoang'ono Amagonjetsera Zimphona

Aphunzitsi nonse a mpira wa achinyamata a m'gulu lathu,

Loweruka likudzali, kuyambira 2 koloko masana, tikumana m'holo yomwe timachitiramo misonkhano yathu kuti tionere ndi kuunika masewero awiri a ndime yachipulula omwe zotsatira zake zidadabwitsa anthu.

Tidzayamba ndi masewero a pa 24 Malichi 2022 ku Palermo, pomwe North Macedonia idagonjetsa Italy 1-0 ndi chigoli chomwe Aleksandar Trajkovski adamwetsa m'mphindi zoonjezera. Italy, yomwe idali itangotenga chikho cha ku Ulaya mu 2021, idakhala ndi mpira pafupifupi masewero onse koma idalephera kuboola otchinga kumbuyo, ndipo sidapitenso ku World Cup ya ku Qatar. Ndikufuna tionetsetse momwe otchinga aja ankaimira moyandikana, chifukwa ana athu ambiri amabalalika akangopanikizidwa.

Kenako tidzakambirana za mu Juni 2008, pomwe Flames idagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya.

Aliyense abwere ndi kope, cholembera ndi K2,000 yolipirira holo ndi jenereta. Chonde yankhani pofika Lachinayi madzulo kutsimikiza kuti mubwera, kuti tidziwe chiwerengero cha mipando.

Mlembi wa gulu