Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre wokhudza mapulogalamu osungira mndandanda wa mabuku

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo,

Munandituma kukaimira laibulale yathu pa msonkhano wa oyang'anira malaibulale ndi akatswiri a makompyuta umene unachitikira ku Chichiri, ndipo munandipatsa funso limodzi: mndandanda wa mabuku athu uli mu pulogalamu ya WinISIS pa kompyuta yokalamba ija, tiutani? Yankho limene ndabwera nalo ndi lakuti tisamukire ku pulogalamu ina yotchedwa Koha, koma mosathamanga, chifukwa ntchito yolemetsa ili pa kukonza zimene tinalembamo, osati pa pulogalamuyo.

Kunabwera a m'mayunivesite, a m'masukulu a sekondale, a malaibulale a mipingo, ndi achinyamata olemba mapulogalamu. Za malonje ndi mawu otsegulira sindikutayitsani nazo nthawi.

WinISIS sanainyoze aliyense, ndipo zinandisangalatsa. Ndi ya m'banja la CDS/ISIS limene bungwe la UNESCO linkagawa ulere, ndipo ya makompyuta ang'onoang'ono inatuluka mu 1985. Anaipangira zolembedwa zosafanana kutalika: buku lina wolemba ndi mmodzi, lina asanu, mutu wina ndi mawu awiri, wina mizere itatu. Imalola kuti malo a wolemba abwerezedwe mmene mukufunira, komanso imasunga padera mndandanda wa mawu onse ndi pamene akupezeka. N'chifukwa chake imafufuza msanga ngakhale pa kompyuta yofooka ngati yathuyi. Chaipha ndi ukalamba. Ndi pulogalamu ya kapangidwe kakale kotchedwa 16-bit, ndipo siyenda pa Windows ya 64-bit imene ili m'makompyuta atsopano. Tsiku limene makina athu aja adzakane kuyaka, sitingangogula ena n'kupitiriza.

Apa ndi pamene panamveka bwino kusiyana kwa pulogalamu yaulere ndi yotseguka. Yaulere mumailandira osalipira, koma m'kati mwake simulowamo. Mwini wake akasiya kuikonza, nanunso mwaima. Yotseguka imabwera pamodzi ndi malangizo ake onse amene akatswiri amati source code, ndipo chilolezo chake chimati aliyense akhoza kuwerenga, kusintha ndi kugawira anzake.

Anationetsa mapulogalamu otseguka angapo. ABCD, imene inachokera ku bungwe la BIREME ku São Paulo m'dziko la Brazil, imapitiriza kachitidwe ka ISIS koma pa browser, ndipo ena a zolembedwa zakale akuikonda. DSpace, imene yunivesite ya MIT ndi kampani ya HP anatulutsa mu 2002, ndi yosungira zikalata zathunthu monga kafukufuku wa ophunzira. Ife sitikuifuna panopa. Koha ndiyo inatenga nthawi yambiri. Inalembedwa mu 1999 ndi kampani ya Katipo Communications polembera malaibulale a Horowhenua ku New Zealand, amene ankaopa kuti pulogalamu yawo yakale isokonezeka polowa chaka cha 2000. Inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2000, eni ake n'kuitsegulira dziko lonse. Lero imatuluka yatsopano kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Imalemba mabuku, imabwereketsa, imadziwa amene wachedwa kubweza. Imakhala pa kompyuta imodzi ya Linux, makompyuta ena m'nyumbamo n'kumailumikiza pa browser, ndiye kubwereketsa sikudikira bandulo ya intaneti.

Mkangano unabuka masana. Achinyamata ena anati Koha ndi yolemera, inalembedwa mu Perl, chilankhulo cha makompyuta chimene ophunzira ambiri masiku ano sachidziwa, choncho kuli bwino alembe yathuyathu yopepuka. Anationetsa imene anayamba kale, ndipo kunena zoona inali yokongola pa foni. Mayi wina wachikulire, amene wagwira ntchito ya katalogu zaka zambiri, anangowafunsa kuti buku lokhala ndi olemba atatu, womasulira mmodzi ndi makope khumi alilemba bwanji. Panalibe malo ake. Anafunsanso kuti mukapeza ntchito ku Lilongwe, adzaikonze ndani? Mutu umodzi susenza denga, ndipo Koha ikusenzedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri. Ine ndinaima ndi mayiwo, ngakhale sindinakondwe ndi ena amene anayamba kuwaseka anawo. Luso ali nalo, ndipo ntchito yowayenera inapezeka msonkhano usanathe.

Ntchito yake ndi ya chilankhulo chathu, ndipo pano ndichedwapo. Makina ofufuzira a mapulogalamu amenewa anazolowera zilankhulo zimene mawu ake amasintha kumapeto. Mukalemba chiyambi cha mawu n'kuika kanyenyezi, amakupatsani onse oyamba motero. Athu amasintha kutsogolo. Wofuna za mudzi sapeza buku lakuti midzi. Wolemba mwana sapeza ana. Munda ndi minda kwa kompyuta ndi zinthu zosadziwana. Palinso kachizindikiro ka mu ng'ombe, ng'oma ndi m'mudzi: makina ena amadula mawu pamenepo, n'kusunga ombe payekha. Ndiye pali ŵ. Mabuku ena analemba Malaŵi, ena Malawi, ndipo zolemba zakale zikamasamutsidwa popanda kuzisandutsa bwino kukhala UTF-8, dongosolo la makono losungira zilembo m'kompyuta, chilembo chimenechi chimasanduka zinyalala. Tinayesa pompo pa laputopu ya mmodzi wa iwo, ndipo zonse zitatu zinaoneka.

Za ŵ ndi kachizindikiro zimakonzeka posintha malamulo a Zebra kapena Elasticsearch, makina awiri amene Koha imafufuzira. Za mudzi ndi midzi n'zovutirapo. Njira yapafupi ndi yakuti oyang'anira malaibulale agwirizane mndandanda umodzi wa mitu ya nkhani m'Chichewa, wosonyeza kuti wofuna ichi aonenso icho. Njira yaitali ndi yakuti achinyamata aja alembe kachigawo kodziwa magulu a mayina athu, n'kukapereka kwa osamalira Koha kuti kaunikidwe ndi kulowa m'pulogalamu yeniyeniyo, m'malo mokasunga pa kompyuta imodzi ku Blantyre kuno. Anavomera kuyamba. Enanso anadzipereka kumasulira m'Chichewa tsamba limene owerenga amafufuzirapo. Ndinawalonjeza mitu ya mabuku athu a Chichewa kuti ayeserepo. Ngati komiti ikana, ndikawauza.

Tsopano za ife eni. Koha imalemba motsata MARC 21, dongosolo lochokera ku ntchito imene Henriette Avram anatsogolera ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America, m'zaka za m'ma 1960. Chilichonse chili ndi nambala yake: ISBN pa 020, wolemba pa 100, mutu pa 245, nkhani ya bukulo pa 650, ndipo kope lililonse la pa shelefu Koha imaliika pa 952. WinISIS imatha kutulutsa zolemba m'fayilo ya ISO 2709, mtundu wa fayilo yosamutsira zolemba za katalogu, kenaka pamafunika kulozera malo athu aliwonse ku nambala yake ya MARC. Povuta ndi pakuti kwathu analemba anthu osiyanasiyana, aliyense mwa njira yake. Wolemba mmodzi ali ndi mayina atatu, chaka china chili m'malo a wosindikiza, ndipo mabuku amene anatayika kalekale akuonekabe ngati alipo. Tikasamutsa zili choncho, tingopititsa chisokonezo ku pulogalamu yatsopano. Mabuku a kunja ambiri tikhoza kukopera zolemba zake kudzera pa Z39.50, njira yolumikizira makatalogu a malaibulale ena, tikakhala ndi intaneti, koma osindikizidwa kuno, timabuku ta mipingo ndi malipoti a m'maboma tidzalemba tokha ndi manja.

Za ndalama, pasakhale wonena kuti zonse ndi zaulere. Pulogalamu sitilipira, koma pafunika kompyuta yabwinoko, batire loigwiriza magetsi akazima mwadzidzidzi kuti database isawonongeke, kachipangizo kowerengera barcode, ndi maphunziro. Tiphunzitse anthu awiri, osati mmodzi.

Anatsindikanso zosunga makope padera. Anatikumbutsa moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, komanso matope a namondwe Freddy amene tinawaona tokha ku Chilobwe mu Malichi 2023. Kope lokhala pa kompyuta yomweyo silithandiza. Likhale pa flash kapena hard drive yogona nyumba ina, ndipo nthawi ndi nthawi tiziyesa ngati likutseguka. Izi siziyembekezera Koha. Mafayilo a WinISIS a MST ndi XRF, amene amasunga mndandanda wathu, akopedwe sabata ino.

Zimene ndikupempha kuti komiti igamule pa mkumano wotsatira: ivomereze kusamukira ku Koha; isankhe anthu awiri okaphunzira, mmodzi akhale wa achinyamata amene amathandiza Loweruka; ilole kuti titseke shelefu imodzi imodzi powerenga mabuku ndi kukonza zolemba, osatseka laibulale yonse chifukwa a Fomu 4 akukonzekera mayeso. A Msungichuma, mitengo ya kompyuta ndi batire ndikaifunsa m'masitolo angapo ku Limbe ndi m'tauni, ndidzakupatsani mkumanowo usanafike.

Zikomo.

Ine nthumwi yanu.