Nandolo wathu akupindulira ndani?

A Mkonzi,

Ndine mlimi wa nandolo kuno ku Mwanza. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo unagwa chagada. Matumba anga anakhala pakona mpaka nandoloyo anafumbwa, mwana wanga n'kukhala pakhomo teremu yonse kusowa fizi.

Mu 2021 tinamva kuti India wavomera kumagula matani 50,000 pachaka kuchokera kuno, mitima inakhala pansi. Komatu mpaka lero venda amakoleka sikelo yake pansi pa mango, n'kutchula yekha mtengo. Ukakana, ulowera nayenso kuti nandoloyo?

Inu akukhonsolo, ndalama za msika mumatolera tsiku lililonse. Timangireni mosungira mbewu, tizigulitsa pagulu mtengo ukakwera.

Mlimi wodandaula,
Mwanza