Tithandizeni kusamutsa renji ya apolisi kufupi ndi sukulu yathu

Makolo athu, abale ndi alongo a kuno ku Dedza, kaya muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya sukulu ya pulayimale pamodzi ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Ine ndikulembayu ndine mlembi wa komitiyi, ndipo ana anga atatu amaphunzira pasukulu pomwepa.

Ambiri mukukumbukira chigwa cha kuseri kwa phiri kumene apolisi amadzaphunzira kuwombera mfuti. Tili ana tinkangoti "kurenji". Masiku amenewo kunali tchire lokhalokha, ndipo munthu ankapitako pokhapokha akatole masuku kapena kuzula bowa. Lero mudzi wakula. Minda ya kachewere ndi nyemba yafika mpaka m'tsinde mwa phiri, ndipo njira yachidule ya ana ochokera kutsidya kwa mtsinje imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa malowo. Sitikuloza chala munthu. Renji ili pomwe inali kale, ife ndi amene tinaitsata ndi makasu athu.

Chimene chatidzutsa chinachitika teremu yathayi. Aphunzitsi a Sitandade 3 anamva kanthu kakulira ngati wezulo kumbuyo kwa kalasi. Atamuitana mwanayo, anapeza kakhoko ka chipolopolo kali pamlomo, akuuziramo mpweya. Atapisa m'matumba a anzake, munatuluka timakoko tambiri ndi tizidutswa ta mtovu totuwa, tomwe anyamata amakumba pachimulu cha dothi pamene zipolopolo zimakathera, kuti azilasira mbalame pa legeni. Mmodzi mwa ana amenewo anali wanga. Ndinatigwira m'manja timiyala tolemerato, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Alangizi a zaumoyo anatifotokozera kuti mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo pang'onopang'ono, umachepetsa magazi, ndipo mwana amayamba kuvutika m'kalasi popanda wodziwa chifukwa chake. Mvula nayo ikagwa imakokolola dothi la pachimulupo kutsikira kumadimba athu. Palinso zipolopolo zosawombedwa zomwe zimatha kugwera muudzu, pamene abusa a mbuzi amasonkha moto wootchera mbewa paliponse. Ndipo chipolopolo cha mfuti yaikulu chikaphonya chimulu chimatha kuuluka kupitirira makilomita 2. Yerekezani nokha mtunda wochoka pamenepo kufika pabwalo lathu la mpira.

Wina asamve ngati tikupirikitsa apolisi. Ife timakhala m'malire ndi Mozambique, ndipo akuba ng'ombe sitichita kuwamva pawailesi. Amayi athu amanyamuka mbandakucha kupita kumsika wa Bembeke kapena wa Lizulu, n'kubwerako ndalama atamanga pachitenje. Tikufuna wapolisi wodziwa kugwira mfuti bwino, amene dzanja lake silinjenjemera, ndipo luso limenelo silibwera popanda malo ophunzirira. Ana athu omwe adutsa m'sukulu za apolisi ku Mtakataka ndi ku Mlangeni, moti ntchito imeneyi ndi yathu yomwe. N'chifukwa chake tinakhala pansi ndi apolisi a m'mudzi komanso mafumu, ndipo a gulupu analoza chigwa china cha pakati pa mapiri awiri, kopanda munda, nyumba kapena manda. Pempho lathu loti renji isamukire kumeneko tinalipereka kudzera ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC). Kuvomereza malowo ndi kumanga renji yatsopano ndi udindo wa boma. Koma sitingangopinda manja kudikira, ana akudutsabe pamenepo m'mawa uliwonse.

Choyamba tikufuna waya ndi mapolo kuti titchinge mbali yoyang'ana kunjira ya ana, simenti yoikira mapolowo, ndi penti ya zikwangwani zolembedwa m'Chichewa, zokhala ndi chithunzi choti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga amve. Nsalu yofiira ya mbendera ikufunikanso, kuti tsiku lowombera aliyense aone ali patali. Mchenga, miyala ndi manja tili nazo, mudzi uliwonse wagawiridwa tsiku lake la chitukuko. Amene munaphunzira za nthaka ndi madzi, bwerani mudzatiyezere dothi la pachimulu ndi madzi a pachitsime cha kumunsi. Apolisi akadzachoka, sitikufuna kuti wina athamangire kulimapo kabichi tisanadziwe chimene chili m'nthakamo. Maganizo athu ndi odzalapo mitengo, ndiye mbande za mibawa ndi misangu tizilandira ndi manja awiri.

Nkhani ina ndi ya dzina la malo atsopanowo, ndipo imeneyi yatitengera misonkhano iwiri. Ena anati titchule dzina la munthu wandale kuti chithandizo chibwere msanga. Ine ndinakana, ndipo ndikanabe. Tonse tinaona bwalo la ndege la Kamuzu likusanduka la Lilongwe, n'kubwereranso ku dzina lakale. Bwalo la mpira la ku Blantyre nalo linatchedwapo Chichiri kenaka n'kukhalanso Kamuzu. Dzina lotsata boma limasintha ndi boma. Agogo ena anapempha kuti malowo atchedwe dzina la phiri limene lidzalandire zipolopolozo, monga mmene Chongoni amadziwikira padziko lonse ndi dzina lomwe makolo anasiya. Mayi wina wamasiye, amene amuna ake anali apolisi, anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti kuyambira 1921 pamene polisi inakhazikitsidwa m'dziko muno, alipo ambiri anafera pantchito ndipo mayina awo sanalembedwe pachipupa chilichonse kuno kwathu. Bwalo lonse linangoti zii. Mtima wanga uli kumbali ya mayiwa, kuti malowo atchedwe dzina la wapolisi amene anafera pantchito, bola banja la mwini dzinalo livomere. Mawu omaliza adzakhala a akuluakulu a polisi ndi mafumu, koma tikufuna kupita kwa iwo ndi mayina amene anthu asankha okha, ndipo inu muli kutali muli ndi ufulu wotumiza lanu pamodzi ndi chifukwa chake.

Thandizo lililonse lidutse kwa ahedi kapena kwa a gulupu. Msungichuma azilemba m'kaundula, ndipo tiziwerenga poyera pamsonkhano wa makolo, kuyambira thumba la simenti mpaka msomali. Amene mulibe ndalama koma muli ndi ngolo, wilibala kapena galimoto yobwera kumudzi yopanda katundu, tiuzeni. Tikufunitsitsa kuti waya akhale atazungulira mbali ya kunjira ija mvula yoyamba isanagwe, udzu usanakule n'kubisa zimene zili pansi.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Mlembi, m'malo mwa komiti ya sukulu ndi VDC