Tinasonkherana buku, tsopano mnzanga akulitsekera m'sutikesi

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi pakati pa usiku, anzanga onse ali mtulo, chifukwa kwatsala milungu iwiri kuti tiyambe mayeso koma buku lomwe ndinasonkhako ndalama sindinaligwire chiyambire mwezi watha.

Ndine mtsikana wa chaka chachiwiri m'maphunziro a unamwino. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buku latsopano lochokera kunja timangolionera m'manja mwa aphunzitsi, ndipo makope ochepa a ku laibulale timachita kulimbirana. Choncho tinagwirizana anthu atatu kusonkha K20,000 aliyense kuti tigule buku lakale la Anatomy (phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu) kwa mkulu wina amene anamaliza maphunziro. Ndine ndinamupeza mkuluyo, ndine ndinanenerera mpaka mtengo unatsika kuchoka pa K80,000, ndinenso ndinakwera minibasi kukalitenga popanda wondibwezera ya mayendedwe, ndipo pulasitiki ndi selotepi zolikutira zinali zanga.

Sindibisa, ine ndinapereka K12,000 yokha. Mayi ananditumizira ndalama yokwanira atagulitsa mbatatesi kwathu ku Dedza, koma ina inathera pa vuto limene sindingalilembe m'nyuzipepala, ndipo iwo mpaka lero amangodziwa kuti ndinalipira zonse. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe ndi mmodzi mwa atatufe, anandithirira K8,000 yotsalayo, ndipo ananena ndi pakamwa pake kuti ndidzabweza ndikadzapeza. Lero bukulo amalitsekera m'sutikesi n'kumauza anthu kuti ndine wokonda zaulere. Ameneyu ndi munthu amene ndinkamugawira ufa ndi matemba mwezi wathunthu pamene kwawo anachedwa kumutumizira ndalama.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Ndinatsitsa pa intaneti buku lina la Anatomy laulere la bungwe la OpenStax, koma kuliwerenga pa foni yosweka galasi kumandiwawitsa maso, ndipo masamba ake sagwirizana ndi amene aphunzitsi amatchula m'kalasi. Ndinaganizanso zopanga fotokope, koma buku lochindikala chotere lingadye ndalama yoposa ngongoleyo, komanso ndikuopa lamulo la umwini wa zolembalemba la 2016. Nanga ndingajambulitse bwanji buku lomwe lili pa loko?

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndiulule kwa mayi kuti anditumizire ina, pamene feteleza wa chaka chino sanagule? Ndipemphe anzangawa kuti andibwezere K12,000 yanga ndichoke m'gululi, kapena ndikakamire kuti tilembe masiku osinthana bukuli monga tinapangana poyamba? Kodi kujambulitsa mitu itatu yokha ya mayeso ndi mlandu? Wachitatu uja amawerenga bukuli tsiku lililonse ndipo sanandiyankhulirepo ngakhale kamodzi. Pano ndikulemba, mnzanga uja wagona pabedi loyang'anizana ndi langa, kiyi wa sutikesi ali pansi pa pilo, ndipo sindikudziwa kuti m'mawa ndimupatsa moni wotani.

Ndine mwana wanu wothedwa nzeru,
Wophunzira za unamwino