Oyilo wolimba akupha chosefera utsi

Akonzi,

Ndine makaniko wa pa boma la Dedza, ndipo ndikupempha danga m'nyuzipepala yathu kuti ndilankhule ndi eni ma Sienta ndi ma Probox ochokera ku Japan amene amanyamula anthu pa msewu wa M1 pakati pa Dedza, Lizulu ndi Ntcheu. Nkhani yanga ndi ya chizolowezi chothira oyilo wolimba wa 20W-50, kapena kuwonjezera mankhwala a m'kabotolo, injini ikangoyamba kufuka.

Mu oyilo wa injini opanga amaikamo mankhwala otchedwa ZDDP, omwe muli zinc ndi phosphorus, ndipo akhala akutero kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Injini ikatentha, mankhwalawa amamata kachikopa kopyapyala pa zitsulo zokhulana, makamaka pa camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu a injini), kuti zisadyane. Ntchitoyi amaigwira bwino, ndipo ine sindingawanyoze.

Koma maring'i a pisitoni akatha, oyilo amalowa mmene mumapsera petulo, ndipo phosphorus uja amatuluka ndi utsi kukamatirira mu chosefera utsi chotchedwa catalytic converter. Kachipangizoka kali pa payipi ya ekizozi, m'kati mwake muli timabowo tonga chisa cha njuchi topakidwa platinum, palladium ndi rhodium, ndipo ndi zitsulo zimenezi zimene zimasandutsa carbon monoxide ndi mpweya wina woipa kukhala wosapweteka kwambiri. Phosphorus akazikuta, utsi umangodutsa osakhudza zitsulozo. N'chifukwa chake kuyambira mu 2004 muyezo wa oyilo wotchedwa API SM, wa bungwe la ku America loona za mafuta la API, unalamula kuti mu oyilo wopepuka monga 5W-30 phosphorus asapitirire 0.08 peresenti, pamene oyilo wolimba malire amenewa samukhudza.

Mwezi watha dalaivala wina anabwera ndi galimoto imene inkalephera kukwera zitunda za ku Bembeke. Nditamasula converter n'kuwalitsa tochi mbali imodzi, kuwala sikunatulukire mbali inayo, chifukwa timabowo tonse tinali titatsekeka ndi phulusa lotuwa. Anandiuza kuti sabata iliyonse amawonjezera lita ya oyilo wogula m'botolo la madzi akumwa lopanda chizindikiro, kenaka anati, "Madala, ingobowolani, ndikufuna kubwerera pa siteji." Ndinakana, koma ndikudziwa kuti anapita kwina ndipo anamuboolera, pakuti alipo ogula ma converter akutha chifukwa cha platinum ali m'katimo.

Galimoto yotere ikaima pa Lizulu kudikira anthu, injini ikulira, ekizozi yake imaloza amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi atakhala pansi, ena ana ali kumbuyo. Utsi wabuluu uja amauona n'kutembenuka, koma carbon monoxide alibe mtundu kapena fungo.

Ndikupempha madalaivala kuti aziwerenga zilembo za API pa chigubu n'kutsatira zimene buku la galimoto likunena, ndipo injini ikamadya oyilo asinthitse maring'i ndi masilo a mavalavu, ngakhale ndikuvomereza kuti masiku ano zipangizo zakwera mtengo. A Malawi Bureau of Standards nawo ayendere misika ya m'mbali mwa msewu, ayeze oyilo wa m'mabotolo opanda zizindikiro, atiuze chimene chili m'katimo.

Ine wanu,
Makaniko, Dedza