Kwa mwana wanga, za jakisoni wochititsa dzanzi

Mwananga,

Kuno ku Ulongwe tili bwino, abambo ako ali kalikiliki kudimba. Ndamva kuti akuika kuti uzigwira ntchito kuchipinda cha opaleshoni, ndiye undimvere, poti unamwino ndidakalamba nawo.

Mankhwala ochititsa dzanzi ambiri amawapeputsa chifukwa wodwala sagona. Koma lidocaine kapena bupivacaine akalowa mumtsempha wa magazi, kapena ukachulutsa, amakafika kumtima n'kutseka tinjira ta sodium timene timachititsa kuti mtima uzigunda. Woopsa kwambiri ndi bupivacaine, chifukwa akagwira mtima sataya msanga.

Wodwala uzimukweza pasikelo, osamuyeza ndi maso. Lidocaine wopanda adrenaline asapitirire 4.5 mg pa kilo, bupivacaine 2 mg. Koka kaye sirinji usanakankhe. Magazi akaoneka, sintha malo. Ndipo uzibaya pang'onopang'ono uku ukucheza naye. Mufunse za ana, za kumunda, bola azilankhula. Akati milomo yachita dzanzi, m'kamwa mukumveka chitsulo, m'makutu mukulira, kapena lilime layamba kulemera, siyira pomwepo. Ena sachenjeza n'komwe, mtima umangosokonekera.

Zikatero itana anzako, mupatse okosijeni. Akayamba kuphupha ngati wakhunyu, mupatse diazepam kapena midazolam. Kenako mafuta aja a lipid emulsion a 20%, amene ambiri amati Intralipid: 1.5 ml pa kilo mumtsempha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti 90 ml kwa munthu wa makilo 60, n'kupitiriza ndi diripi ya 0.25 ml pa kilo mphindi iliyonse. Mankhwala a dzanziwa amakonda mafuta, choncho mafutawo amawakoka kuwachotsa kumtima. Dokotala wina, Guy Weinberg, adazionetsa pa makoswe mu 1998, ndipo mu 2006 padalembedwa za munthu woyamba kupulumuka nazo. Propofol, mankhwala ogonetsa aja, naye ndi woyera ngati mafutawo, koma asakupusitse, salowa m'malo mwake, amafooketsanso mtima.

Mtima ukaima, adrenaline akhale wochepa, osapitirira 1 microgram pa kilo, ndipo lidocaine usamupatsenso. Musatope kupsinya pachifuwa, muzisinthana, ngakhale lipitirire ola. Mtima umenewo suli wodwala, wangogwidwa ndi mankhwala, ndipo akachepa umatha kudzuka.

Mawa lomwe ukafunse kosungira mankhwala ngati Intralipid alipo, ali pashelefu iti, ndipo atha ntchito liti. Ngati palibe, uwauze akuluakulu ako mwaulemu koma osaleka, chifukwa wodwala wotere sangapirire ulendo wa ambulansi mpaka mumzinda wa Tete.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine mayi ako