Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Protected Areas Commission, bungwe loyang'anira malo otetezedwa ku Guyana: za mathithi a Kaieteur

Olemekezeka,

Ndabwera ndi pempho. Ndalama za mafuta amene dziko lanu linayamba kupopa mu 2019 zisadzafike pa mathithi a Kaieteur ngati simenti ndi zitsulo.

Pamenepo mtsinje wa Potaro umagwa mamita 226 osaima penapake, kutalika kwake pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi mathithi otchuka a Niagara. Mlendo amafika pathanthwe lopanda mpanda, n'kugona chafufumimba kuti asuzumire kunsi, nthunzi ya madzi ikumunyowetsa kumaso. Alipo amene adzakuuzeni kuti pakufunika misewu yotakata ndi hotela yaikulu. Musawamvere msanga.

Taonani kaye kachule kagolide kaja, kochepa ngati chikhadabo. Kamabadwira, kukulira ndi kuswana m'timadzi totsalira pakati pa masamba a zomera zikuluzikulu za bromeliad zimene zili pafupi ndi mathithiwo. Wolambula msewu sadzakaona n'komwe, koma akadzazula zomerazo kachuleko kadzapita nazo.

Alendo ambiri amakwera kandege ku Georgetown, likulu la dzikolo, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, n'kukhala maola awiri, kujambula, basi ulendo wobwerera. Dzuwa likamalowa, timbalame tofanana ndi namzeze timatsika mwaliwiro n'kulowa kuseri kwa madzi kukagona, koma nthawi imeneyo ndege imakhala itanyamuka kalekale. Ine ndikanakonda alendo ochepa ogona komweko, kapena obwera wapansi ndi pa boti kudzera ku Amatuk ndi Tukeit m'mbali mwa mtsinje wa Potaro, kusiyana ndi ndege zosinthana tsiku lonse.

Nanga adzawatsogolere ndani? Mabuku amati Charles Barrington Brown ndiye anatulukira mathithiwa mu 1870, ngati kuti a Patamona, eni dera, ankangowadutsa maso ali tseke. Ndi iwo amene amasimba za Kai, mfumu imene inapalasa bwato n'kugwera m'phomphomo podzipereka kwa Makonaima, mzimu wamkulu, kuti anthu ake apulumuke. Paki ya Kaieteur, yoteteza malo ozungulira mathithiwa, inakhazikitsidwa mu 1929 n'kukulitsidwa mu 1999, ndipo nkhalango yake ndi imene makolo awo ankasakamo nyama. Golide wa ku Potaro amakopa achinyamata chifukwa amalipira, ngakhale kuti kukumba kwake kumavundula madzi.

Choncho lembani ntchito ana a ku Chenapau, mudzi wa a Patamona wa kufupi ndi pakiyi, muwaphunzitse, muwalipire mokwanira kuti kuperekeza alendo kupose kukumba. Ndipo musanavomereze chomanga chilichonse pafupi ndi phompholo, kakhaleni pansi ndi atsogoleri a mudziwo.

Ine wanu,
Mlendo wokonda nkhalango